Thiransifoma Yopepuka ya Kudamu

Papulazi pomwe tinkakhala ku Macheke panali thiransifoma yakale pafupi ndi damu, chichitsulo chodontha mafuta chimene chinkatentha ngakhale nthawi yozizira. Mwini pulazi atatopa ndi kuthimathima kwa magetsi, anaika masola ndi mabatire osungira moto wa mapampu, n'kugulanso thiransifoma ina. Yakale ija anachita kuikoka ndi thirakitala, koma yatsopano inabwera pa wilibala. Wamagetsi ankainyadira kuti siwononga moto, komanso amuna awiri akhoza kuinyamula. Amuna anga, amene anali mlonda wa kudamuko, atamva zimenezo anangopukusa mutu.

Yatsopanoyo inasowa Lamlungu masana. Iwo anali atapita kukapirikitsa ng'ombe zomwe zinalowa m'munda wa tirigu, ndipo pobwerera anapeza mawaya atadulidwa.

Tikutuluka m'tchalitchi, tinaona galimoto ya mwana wa bwana itaima pakati pa komboni. Iye ndi folomani anali atawamanga amuna anga ku mtengo wa mango. Folomani ankawakwapula ndi chidutswa cha waya wodulidwa uja, malaya atang'ambika, msana uli magazi okhaokha.

"Waiisa kupi?" ankakuwa m'Chishona mwana wa bwanayo, kufunsa kumene aiika. "Wagulitsa kwa ndani?"

"Sindinatenge, bwana. Ndinali kutirigu."

Mwana wa bwanayo anawamenya khofi la pakhutu mpaka mutu unagunda mtengo. Ine ndinathamanga n'kuwakumbatira, waya uja n'kundidula pamkono. Chipsera chake ndikadali nacho.

"Chokani, mayi, mufera za eni!" anatero folomani.

"Ndipheni ine kaye!"

Pamenepo amayi ena achikulire a kwawo ku Tete anatola mpini wa khasu n'kumumenya folomani pabondo, iye n'kugwa chagada. Azimayi onse a mvano, ali m'mayunifolomu awo, anazungulira mtengo uja atanyamula miyala. Mwana wa bwana anathawira m'galimoto, mwala wina n'kuswa galasi lakumbuyo.

Tinawamasula, tinawatsuka mabala ndi madzi amchere.

Patapita nthawi apolisi anaipeza thiransifoma ija pa kamgodi ka golide cha kudera la Beatrice. Amene anaiba anali mlamu wake wa folomani yemweyo. Palibe anabwera kudzapepesa. Bwana anangotumiza uthenga woti amuna anga abwerere kuntchito, iwo anakana. Tinalongedza katundu n'kupita kwa achimwene anga ku Goromonzi.

Khutu lawo lamanzere linagontha mpaka lero. Tikamayenda, ine ndimakhala kudzanja lawo lamanja.