Ndinanenerera Makapisozi, Dzino Ndasiya ku Chipinge

Kuyambira ku Hauna mpaka ku Chipinge, palibe wamalonda amene anandigonjetsapo pa kunenerera. Choncho nkhama zanga zitatupanso miyezi itatu yapitayo, ndinauza mayi a kunyumba kuti naye dokotala wa mano ndikamutsitsa.

Dokotalayo anali mayi wa msinkhu wa mwana wanga. Anayang'ana m'kamwa n'kunena, akunditchula agogo m'chinenero chakuno, kuti, "Sekuru, apa pakufunika ziwiri. Tipale litsiro louma limene lakakamira pansi pa nkhama, ndipo mumwe makapisozi masiku asanu ndi awiri. Mukatero mudzabwerenso tidzaone."

"Mwanangu, zopalazo tisiye. Ndipatseni makapisozi okha."

"Kapisozi sasungunula litsiro. Tizilombo timabisala momwemo."

"Zopalazo ndibwera Lachisanu," ndinatero, mankhwala ali kale m'thumba. Lachisanu lake liti, sindinatchule.

Ndinamwa masiku atatu, ululu unatha. Makapisozi awiri ndinapatsa mlamu wanga amene ankatsokomola. Otsalawo ndinasunga m'chitini cha tiyi, ndipo nkhama zikayamba kulasa ndinkatsegula mmodzi n'kupaka ufa wake potupapo.

Musaseke, inu. Kodi m'makomboni a pa esiteti pano alipo amene si dokotala? Makapisozi timabwerekana ngati mchere. Munthu wosatha kutchula dzina la mankhwalawo amakuuza molimba mtima kuti ofiira ndi achikasu aja ndiye amphamvu. Pothyola tiyi timamvera kapitawo kuti ndi masamba awiri ndi kansonga, palibe wotsutsa. Koma wophunzira za mano akati masiku asanu ndi awiri, timamuyankha ngati akutigulitsa nthochi.

Tizilombo tokha ndiye sitinenerera. Ukatipatsa mankhwala a theka timazolowera, n'kudzabwera ndi abale ake.

Lachiwiri lapitali ndinabwererako, tsaya litatupa, dzino la m'mbali likugwedera. M'kombi, minibasi zathu zija, anthu anatsegula mawindo kunja kukuzizira, pothawa fungo la m'kamwa mwanga.

"Sekuru, Lachisanu lanu lafika?" anafunsa dokotala uja osaseka.

Ndinati dzinolo alimange, alimate, achite chilichonse. Anati fupa logwira dzinolo linadyeka kale. Analizula, n'kupala otsalawo, kupala komwe kuja ndinakuthawa. Makapisozi anandipatsanso, masiku asanu ndi awiri. Ndinangoti zikomo.

Mayi a kunyumba anangootcha chimanga n'kumakukuta pamaso panga.

Ndiye inu owerenga, pakati pa ine katswiri wonenerera ndi mayi dokotala uja amene sanatsitse ngakhale tsiku limodzi, wapambana ndani?