Mkulu Amene Ankabwereketsa Ndalama Poyang'ana Maso

Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikusamalira munthu wolemera kuposa aliyense amene ndinakumanapo naye, ndipo sabata yoyamba anatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito chifukwa sindinkawayang'ana m'maso.

Ndi bambo okalamba a ku America, ndipo amakhala ku Crawley, dera lina la mumzinda wa Perth, m'nyumba yosanja yoyang'anizana ndi mtsinje. Anabwera ku Perth potsatira mwana wawo wamkazi yemwe amaphunzitsa pa yunivesite. Kwathu ndinali mtolankhani, choncho mbiri yawo ndinaitolera pang'onopang'ono, uku ndikuwaveka masokosi. Anayamba ngati mesenjala wa banki. Kenaka ankabwereketsa ndalama kumakampani a sitima zapamtunda, ndipo pomaliza ankagula makampani amene akugwa, n'kuwadzutsa, n'kuwagulitsa. Anakwatira kawiri. Kuyendetsa galimoto sanaphunzire.

Tsiku langa lachitatu pa ntchitoyi ndinawapatsa tiyi ndi manja awiri, nditaweramitsa nkhope monga ndinaleredwera ku Dedza. Anakankha kapu.

"Ndiuza mwana wanga andipezere wina," anatero. "Iwe ukubisa kanthu."

Viza yanga inadalira kampani imene inandilemba ntchito, ndipo dandaulo lotere likanatha kundibweza ku Lilongwe.

"Ndikubisa chiyani, bambo?"

"Kaya. Koma moyo wanga wonse, munthu akabwera kudzapempha ngongole n'kumayang'ana nsapato zake, ndinkamubweza. Mapepala ake sindinkawatsegula n'komwe."

Ndinawafotokozera kuti kwathu mwana amene amatong'olera maso munthu wamkulu ndi wamwano, ndipo mayi anga atandiona ndikutero angandikoke khutu, ngakhale ndili ndi ana awiri.

Kenaka anafunsa ngati khalidweli lili kwathu kokha. Ndinati ayi, anzanga a kuntchito ochokera m'mayiko ena amachitanso chimodzimodzi.

"Ndiye kuti ndinabweza anthu abwino ambiri," anatero, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Ndipo amene anandibera kwambiri ankandiyang'ana ngati kadzidzi!"

Tinagwirizana chonchi: powapatsa mankhwala ndiziwayang'ana, chifukwa nkhani ya moyo safuna kuikayikira. Powapatsa tiyi ndizichita zakwathu. Mwezi woyamba ndinkachita kudzikakamiza kudzutsa nkhope pa nthawi ya mankhwala. Pano ndinazolowera, moti tsiku lina kutchalitchi mayi wina wa ku Chipata anandinong'oneza kuti maso anga ayamba chizungu.

Lachisanu lililonse timakwera takisi kupita ku Kewdale kukaonerera sitima zonyamula katundu. Amandiuza ngolo imene yalemedwa pongomva kulira kwa njanji, ndipo ine sindiwatsutsa, popeza palibe njira yotsimikizira. Pobwerera amagona.

Miyendo yawo yayamba kufooka. Mwana wawo wapempha kampani kuti ndizibwera masiku asanu pa sabata m'malo mwa atatu, ndipo akuti pempholo linachokera kwa mkuluyo mwiniwake. Kalata yake ndikasaina Lolemba.