Dzanja Lodyera

Chithunzi cha mutu wa bambo chinkakhala pansi pa matiresi, mu envulopu yaikulu yakhaki. Chinali chakuda, cholimba, ndipo ukachigwedeza chinkalira ngati lata. Ndinkachiba n'kukachiloza kudzuwa kuseri kwa nyumba. Ndinkaonamo chigaza, mano ndi mpata wa dzino limene anazula. Matendawo sindinawaonemo.

Adokotala nawonso sanawaone. Anauza mayi kuti mtsempha unaphulika m'mutu, magazi n'kutayikira mu ubongo cha kumanzere, koma ekisire imangoona mafupa. Makina oona ubongo anali kutali kumene ife sitikanafika. Amalume anapukusa mutu njira yonse. "Mkono wafa ndi wamanja, iwo akuloza kumanzere! Sukulu imeneyo ndi yotani?" Atafika kunyumba anatemera mphini mkono wosalakwawo mpaka unachita mawanga. Lero ndikudziwa kuti njira zochokera mu ubongo zimapingasana, ndipo adokotala sananame. Koma amalume sindiwaseka. Iwo anathira mankhwala pamene maso awo ankaona.

Chinali chaka chachiwiri cha matipate, nyengo ya mwera, mpunga utangokololedwa. Bambo anali telala pakhonde la sitolo ku boma, ndipo anagwera pamakina akusoka malaya a nsalu ya chipani. Anabwerako opanda mawu, kupatula amodzi okha: "Basi." Ine ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi.

Chimene chinatisowetsa mtengo wogwira chinali kudya. Kwathu dzanja lamanja ndi lodyera, lamanzere ndi la kuchimbudzi, ndipo bambo pamenepa sankaseka ndi munthu. Ine ndinabadwa wamanzere, anandiwongola ndi rula yawo yoyezera nsalu mpaka ndinaphunzira. Tsopano lamanja lawo linangoti lende pantchafu. Ashehe anabwera n'kuwauza kuti Mulungu salemetsa wodwala, adye ndi limene latsala. Bambo anatembenukira kukhoma. Mayi akawayandikizira chakudya kukamwa, ankaluma mano ndi manyazi. Ankalola ine ndekha kuwadyetsa, katatu kapena kanayi, kenako "Basi." Tinkawaona akutha ngati sopo, kanzu yawo ya Lachisanu ikukulirakulira. Ndinkachita mantha, ndipo nthawi zina ndinkawakwiyira.

Tsiku lina tinaweruka msanga kusukulu. Mayi anali atapita kukapunthitsa mpunga. Ndinawapeza bambo pamkeka atadzikokera mbale ya mpunga ndi usipa imene anaikana m'mawa. Dzanja lamanzere linkaphonyaphonya pakamwa, mpunga uli mbwee pandevu. Ankadya, okha, mothamanga ngati mwana woba.

Sindinaganize n'komwe. Ndinakuwa ndi mawu awo omwe aja:

"Bambo! Dzanja limenelo ayi!"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula zala, mpunga unagwera pamkeka, nkhuku zinathamangira. Sanayeserenso, mwina ankayesera ndili kutali, sindidziwa. Tinawaika mvula yoyamba isanagwe.

Madzulo a tsiku limene ndinawakuwira lija ndinawachingamira mayi panjira n'kuwafotokozera zonse monyadira, kuti ndawagwira bambo akudyera lamanzere ndipo ndawaletsa. Ndinkadikira kuti andiyamikire. Mayi anatula thumba, anakhala pansi pafumbi pomwepo, anagwira pakamwa.

Ine ndinkayesa atopa ndi katunduyo, ndiye ndinawafunsa ngati ndiwathandize kusenza.