Makina Amene Anandilanda Chipinda

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene chitsulo chinandilanda chipinda. Ndikanena anthu amaseka, koma ine bodza sindilidziwa.

Tinkakhala ku Nairobi, kufupi ndi Madaraka, m'nyumba ya bungwe la mpingo kumene Bambo ankagwira ntchito ya mu ofesi. Zipinda zinali ziwiri, china cha makolo, china cha alendo. Ine malo anga anali pabalaza, kuseri kwa sofa. Masiku amenewo Mmalawi wopita kunja ankasinthira ndege ku Nairobi, ndipo aliyense ankadziwa njira ya kwathu: abusa, odwala, a misonkhano. Wina anabwera kudzagona tsiku limodzi, koma pochoka anali akutha kutukwana m'Chiswahili. Mtsikana woti thupi layamba kusintha, ndinkavalira m'bafa wina akugogoda, ndipo ndinkalawirira kudzuka kuti abambo achilendo asandipeze m'bulangete.

Pansi pa nyumbayo panali kachipinda kolowera kukhitchini, kotsikira pa masitepe a matabwa. Munali mdima ndi akangaude onenepa ngati anapiye. Tsiku lina Bambo anati, "Edina, ukakonza m'menemo, chipindacho ndi chako." Ndinasesa, ndinakolopa, ndinapaka laimu mpaka manja kusupuka. Amayi anandisokera katani ya chitenje. Chinatsala ndi bedi basi.

M'malo mwa bedi kunabwera lole.

Bambo ali mnyamata anaphunzira ntchito ya zitsulo, ndipo ya mapepalayi ankaiona ngati ndende. Ku Industrial Area anapeza makina akale osemera zitsulo, aja osalaza chitsulo ndi kudula mano a magiya, iwo ankati miling'i. Maganizo awo anali oti azikumbutsira ntchito Loweruka lililonse, kenako adzapite nawo kumudzi akatsegule shopu ku Limbe. Makinawo anali obiriwira, aatali kuposa eni ake, ndipo lole imene inawanyamula inafika pageti ikuyenda chogwada. Ndinaona ndi maso angawa.

"Nanga chipinda changa?" ndinafunsa.

"Masabata ochepa chabe, mwanawe. Chitsulo sichigona panja, chingachite dzimbiri."

Ine dzimbiri sindichita, choncho nkhani inathera pomwepo.

Bambo anali ataitana anyamata a kwathu ophunzira m'makoleji a mumzindamo kuti adzathandize. Kuitana mwana wasukulu sikuvuta. Amayi anangotchula mpunga ndi nkhuku, panafika ndi ena oti sitinawaonepo. Anyamatawo anamasula mutu wa makinawo ndi tebulo lake, n'kugubuduza chithunthu chotsalacho pa mapaipi kuchokera pageti mpaka kukhitchini. Chitseko anachizula ndi felemu yomwe. Atafika pa masitepe, onse anaima n'kumayang'ana pansi, thukuta lili kamukamu.

Amalawife chinthu cholemera timadziwa kuchitsitsa pansi mwa njira imodzi yokha, ya kumanda. Mnyamata wina, Mabvuto, amene kwawo anakhalapo mdzukulu, anatenga utsogoleri. Anayala matabwa pamwamba pa masitepe, anapisa zingwe kunsi kwa chithunthucho, anthu mbali iyi ndi iyo. "Kumutu tsitsani! Kumiyendo gwirani, inu!" Wina anayambitsa nyimbo ya maliro mwanthabwala, onse n'kuvomera, mabesi ndi matenala omwe. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anafika atafunda nsalu kudzapepesa. Sindikuwonjezera.

Kenako chingwe chinapulumuka. Chithunthu chija chinatsetsereka chokha, chinathyola masitepe, chinakalula khoma langa la laimu, n'kukakhala pansi ndi mdidi woti mbale za Amayi zinatsika zokha m'kabati. Palibe anavulala. Anyamata anaomba m'manja. Bambo anasuzumira n'kunena kuti, "Basi, asankha okha malo." Anabwezera mutu ndi tebulo, anayeza kuti asapendekere, n'kumangirira miyendo yake pansi ndi mabawuti ndi simenti. Nditaona simentiyo, ndinadziwa kuti masabata ochepa aja anali a boma.

Simenti itauma anyamata anabweranso kudzaona makina akulizidwa, nkhuku inanso itafa. Bambo anagwira nthambo ya makinawo, anayang'ana soketi, anayang'ananso nthambo. Mawaya anali ochuluka kuposa mabowo. Makinawo ankafuna magetsi a m'fakitale, pamene a m'nyumba mwathu ankakomoka tikangoyatsa ayironi ndi ketulo pamodzi. Bambo anaika nthambo pansi n'kunena kuti, "Tiyeni tikadye."

Kukhitchini ndinapeza achimwene Yusufu, mmodzi wa anyamata aja, amene ankaphunzira za uinjiniya, akusamba m'manja. Anandinong'oneza kuti, "Ine za magetsizi ndinaziona pa kachitsulo kolembedwa kali pa makinawo, adakali pa lole."

"Nanga osanena bwanji?"

"Iwe, ndiwauze bambo ako kuti alakwitsa, pamaso pa anthu, nkhuku yawo ili pamoto? Ndinaleredwa ine."

Makinawo sanazungulirepo. Bambo sanavomerepo kuti anaphonya. Ankati akudikira kachipangizo kena kochokera ku Mombasa, ndipo kachipangizoko kayenera kuti kankabwera wapansi. Loweruka lililonse ankatsika pa makwerero, kuwapukuta, kuwadzoza oyilo, n'kuwafunditsa katani yanga ija kuopa fumbi. Mlendo aliyense ankatsitsidwa kukawaona asanamwe ndi tiyi yemwe, ndipo ankakwera akupukusa mutu: "Koma a Phiri, muli patali!"

Ine ndinapitiriza kugona kuseri kwa sofa. Ndinatha msinkhu kuseri kwa sofa, m'nyumba muli abusa a ku msonkhano, ndipo nsalu zanga ndinkayanika mobisa kunsi kwa thaulo. Amayi anayesako kamodzi. "Bambo a Edina, mwanayu wakula."

"Ndiye mukuti ndiwataye makinawa? Si tsogolo lake lomweli?"

Tsogolo langalo linali lofunda bwino, lodzola mafuta, lili ndi chipinda chakechake.

Ntchito ya Bambo inatha ine nditamaliza sekondale. Bungwe linafuna nyumba yake yopanda kanthu, ndipo panalibe mdzukulu wodziwa kukweza chimene anatsitsa. Anabwera anthu ogula zitsulo zakutha, atatenga gasi wodulira zitsulo ndi ngolo yokoka pamanja ija amati mkokoteni. Anawaduladula makinawo ngati ng'ombe ya paukwati, dzuwa lisanafike pamutu. Bambo anaima pakhomo la khitchini, m'manja atafumbata kachogwirira kamodzi kamene anabisa. Tsiku limenelo ndinawaona kuti akalamba.

Chakumadzulo, mawa lake tikukwera ndege, anandiitana. "Edina, chipinda chako chija chapezeka. Kagonemo lero." Ankamwetulira ngati munthu amene wasunga pangano.

Ndinasuzumira. Pansi panali oyilo, mabawuti atatuluka m'simenti, fungo la utsi lili guu. Ndinagwada monga ndinaphunzitsidwira, n'kunena kuti, "Zikomo Bambo, ndinazolowera pabalaza."

Anatembenukira kwa Amayi. "Ana a masiku ano, kaya ungawapatse chiyani."

Lero ndikudziwa kuti Bambo sanali munthu wankhanza. Anali munthu wotopa, wofuna chinthu chimodzi chakechake m'dziko la eni. Ndimawamvera chisoni, koma chisonicho sichinathamangitse mkwiyo. Ziwirizi zimagona limodzi mumtima mwanga osakangana. Chimene ndinaphunzira n'chakuti kwathu kuno wamkulu akalakwitsa, onse amathandizana kunyamula cholakwacho mwaulemu, mwina n'kuimba komwe, n'kukachitula pa wamng'ono amene saloledwa kufunsa kachiwiri.

Mwana wanga wamkazi ali ndi chipinda chake ndi kiyi wake. Alendo akabwera kwanga amagona pabalaza, kaya ndi abusa. Achibale amati ndine wouma mtima, ndipo sindinawatsutsepo.