Nyumba Yopanda Chitseko Boma Siliiona

Ndikukumbukira, ndipo sekeranitu pano kuti tikamafika kutsogolo nthiti zikhale zitazolowera: ine ndinakula, ndinakwatira, ndinamera imvi ndikukhulupirira kuti nyumba yopanda chitseko boma siliiona. Sukulu ndinangoilawa, ndinaithawa pamene aphunzitsi anayamba kuduladula manambala ngati chinangwa, koma lamulo limeneli ndinkalidziwa kuposa loya.

Zinayamba ndi mphala. Kwathu ku Ntcheu mnyamata akasinkhuka sagonanso m'nyumba ya makolo, ndiye ine ndi achimwene anga a Fanuelo tinkagona m'khitchini, pamodzi ndi nkhuku, utsi ndi utitiri. M'mawa tinkadzuka maso ali psuu, thupi lonse likuyabwa, tikununkha ngati mbewa zowamba. Chaka china titakolola tinati basi, ifenso ndife amuna. Tinadula mitengo, tinaponda dothi mpaka miyendo kuchita dzanzi, udzu tinakamweta kudambo manja kuchekekachekeka. Pomaliza a Fanuelo analuka chitseko cha bango n'kuchimanga ndi luzi. Chinali chopendekeka, chinkalira kuti kweee ukachikankha, koma kwa ife chinkaposa cha kunyumba ya DC. Tsiku lolowamo tinkangosinthana, wina kutuluka, kuodira, mnzake kumutsegulira mwaulemu ngati mlendo wochokera ku Joni. M'katimo munkanunkhira dothi laliwisi ndi udzu watsopano. Fungo limenelo mpaka lero ndikatsinzina limabwera.

Tisanaikhutire n'komwe mphala yathu, mbiri inamveka yoti kalaliki wa msonkho akubwera kudzawerenga nyumba. Abambo anali munthu woseka ndi maso okha, pakamwa pali duu. Anatiitana akusema mpini.

"Akailemba m'buku mphala yanuyo, ine ndiigwetsa. Sindingalipirire nyumba ya anthu opanda ndevu."

Ine misozi ili lengelenge ndinafunsa kuti kodi kalalikiyo amadziwa bwanji kuti iyi ndi nyumba, ili ndi khola. Abambo anauzira tizipalapala pa mpini uja, osatiyang'ana, n'kuti, "Amawerenga zitseko."

Kunacha tili pantchito. Tinamasula luzi, tinasenza chitseko chathu ngati maliro, n'kukachigoneka m'munda wa nandolo, pamwamba mapesi. Nzeru yachiwiri inali yanga, ndipo sindilola wina andilande: ndinati khola lopanda chiweto ndi bodza loonekeratu, tikatenge tonde wa amalume. Tonde ameneyo anali ndi ndevu kuposa amalumewo, ndipo fungo lake linkafika pamalo iye mwini akadali panjira. A Fanuelo anagwira nyanga, ine ndikukankha kumbuyo, iye akulira ngati tikupita naye kwa butchala. Tinamumangirira pa nsanamira ya pakati.

Agalu anayamba kuuwa dzuwa litakwera. Kalaliki anatulukira pa njinga yowala, masokosi aatali mpaka m'mawondo, pensulo pakhutu, buku lalikulu m'khwapa, kumbuyo kwake mesenjala wa chisoti chofiira ali wefuwefu wapansi. Ankanunkhira sopo. Anazungulira pabwalo akulemba, kenaka anaima pa mphala yathu.

"Nanga iyi ndi ya yani?"

"Ya mbuzi, bwana," ndinayankha ine.

Anawerama n'kusuzumira. Tonde anali ataima pakati pa mphasa yathu, akutafuna modekha kabudula wa a Fanuelo wovala kutchalitchi, amene tinaiwala pachingwe.

"Mbuzi za kuno zimagona pa mphasa?"

"Ndi yodwaladwala, bwana."

Anatulutsa kansalu n'kutseka pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ine ndinkati ndi fungo lamupweteka. Pensulo inabwerera pakhutu osalemba kanthu, njinga n'kumapita. Amayi inu, tinavina! A Fanuelo anavina atanyamula theka la kabudula wawo ngati mbendera. Abambo anazembera kuseri kwa nkhokwe ndipo anakhalitsako, pobwera akupukuta m'maso. Chitseko tinachisiyabe m'nandolo masiku angapo poopa kuti kalaliki angabwerere, n'kumagona mphepo ya Juni ikulowa ngati kwawo. Fungo la tonde linatuluka m'mphalamo mvula itagwa. Koma mphala inaima, ndipo ine ndinasunga phunziro langa mumtima.

Tsopano lumphani nane nyanja. Mwana wathu Tiyamike, amene ndi namwino, anatiitana ine ndi mayi ake kudzakhala nawo kuno ku South Bend, ku Amereka. Nyumba ndi yabwino, yofunda, koma adzukulu ndi wailesi yakanema amapikisana kukuwa, ndipo munthu wamkulu amafuna pothawira. Mkamwini wanga Yohane anandilola kukhoma kashedi kamatabwa kuseri. Ndinaikamo mpando, khasu, kawailesi, ndi mbewu za maungu ndi chimanga zimene mayi a Tiyamike amasunga m'mapepala ngati golide. Chitseko ndinakhoma ndekha, chopendekekanso. Mphala yanga yachiwiri.

Ndiye kunabwera kalata yochokera ku kaunti, boma la dera lino, yonena kuti mtengo umene iwo amaiyesera nyumbayi wakwera, kutanthauza kuti msonkho nawo utsatira. Yohane anaiwerenga akukanda m'mutu.

"Mwina ndi shedi ya ababa ija. Ngati ili imeneyo, tingoichotsa basi."

Ananena mwaulemu, maso pansi, koma ine ndinamva mawu a abambo akusema mpini.

Mdzukulu wanga Takondwa, amene Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingelezi ngati akulipidwa, anati palibe chifukwa cholotera, zonse zili pa intaneti. Anatsegula kompyuta, analowa pa tsamba la kaunti, n'kulemba adilesi yathu. Abale anga! Buku lija la m'khwapa mwa kalaliki, limene ukanati ulikhudze mesenjala akanakuthyola dzanja, kuno analiyanika poyera ngati usipa pamsika. Dzina la mwini nyumba, chaka chimene inamangidwa, zipinda, kukula kwa bwalo, mtengo wa chaka chino ndi wa zaka zam'mbuyo, ngakhale chojambula cha makoma ake. Ndinakoka mpando, magalasi pamphuno, vuto langa ndinayamba ndaliiwala.

"Ya munthu aliyense ungaione?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

"Secha ya a Nkhoma!"

A Nkhoma ndi mnzanga wa msinkhu umodzi amene amakhala ndi mwana wawo ku Indianapolis, cha ku Speedway. Chiyambire kudziwana amatiuza kuti nyumba yawo ndi yaikulu moti akafuna tiyi amachita kuimbira foni akazi awo kukhitchini. Takondwa analemba, ine ndikupondaponda pansi ngati mwana wodikira zitumbuwa. Inatuluka. Zipinda zake zofanana ndi zathu, bwalo laling'ono kuposa lathu! Ndinaseka mpaka kutsamwa. Ndinaitanitsa ya msungichuma wa kumpingo, ya dokotala uja woyenda monyang'wa, mpaka Tiyamike anati, "Adadi, imeneyo ndi miseche ya pakompyuta." Ndinati miseche yolemba boma si miseche, ndi maphunziro.

Kenaka Takondwa anabwerera pa yathu n'kutsegula chithunzi cha malo onse. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda, panali kabokosi kotuwa. Mphala yanga. Chiseko chinathera pomwepo.

Loweruka m'mawa, anthu akadali m'tulo, ndinatenga sikuludiraiva. Ndinali ndi mantha, komanso ndi kachimwemwe kaja ka mwana wodziwa chinsinsi. Ndinamasula chitseko n'kukachibisa kuseri kwa galaja, pamwamba lona. Tonde kunalibe. Galu wa aneba ndinamuganizira, koma kuno galu ali ndi dokotala wake ndi mapepala ake, ukhoza kumangidwa.

Lamulungu tinapita ku Indianapolis kukapemphera ndi a kwathu. Titagula ufa ndi nsomba zouma m'masitolo a mu Lafayette Road, tinakafika kwa a Nkhoma. Ndinaima pabalaza ndikuyang'ana uku ndi uku.

"Achimwene, foni yoitanira tiyi ija ili kuti? Pajatu boma likuti mukayetsemula muno, kukhitchini amati pepani."

"Mwayamba ufiti inu?"

"Ufiti wa kaunti. Ndikudziwanso chaka chimene munafolera denga."

Anandithamangitsa ndi supuni mpaka pakhonde, akazi awo akugwa ndi phwete. Tsiku limenelo ndinali mfumu ya nkhani, aliyense akubwera ndi foni kuti ndimuonetse polowera, ine wothawa manambala uja.

Lolemba Tiyamike anaimbira ku ofesi yoyesa mitengo ya nyumba. Mayi wa kumeneko anamufotokozera kuti mtengo wakwera chifukwa nyumba za m'dera lathu zakhala zikugulidwa modula, ndipo kashedi kanga pa mbiri ya nyumbayi sikanalembedwepo n'komwe. Yohane anabwera kudzandigwira dzanja ndi manja awiri. "Ababa, shedi ikhale."

Pa chakudya chamadzulo sindinathe kudzigwira. Ndinagogoda patebulo n'kuti, "Mukudziwa amene wapulumutsa shedi imeneyi?" Ndinawafotokozera zonse, za bango, za nandolo, za tonde ndi kabudula, mpaka za lona kuseri kwa galaja. Takondwa anagwa pampando. Yohane anadzuka kupita kukhitchini ndipo anakhalitsako, pobwera akupukuta m'maso. Pamenepo mpamene kanthu kena kanandigwira pamtima, chifukwa kupukuta m'maso kotero ndinali nditakuonapo kale, kuseri kwa nkhokwe.

Zinthu zasintha, anzanga. Kale boma linkabwera pa njinga, agalu n'kukuchenjeza, ukhoza kulinunkhiza sopo, kulinamiza, ilo n'kukusekerera m'kansalu. Lero silibwera n'komwe, koma limadziwa kutalika kwa khoma lako. Komabe buku lija tinkaliopa ngati njoka, lero mwana wa sukulu amalitsegula akudya chingamu, ndipo ukaona kuti alakwitsa umaimba foni n'kufunsa popanda mesenjala wokuopseza. Chimene sichinasinthe ndi mwamuna ndi kamphala kake.

Mayi a Tiyamike, amene anakulira mudzi woyandikana ndi wathu, sanaseke nawo patebulo paja. Anadikira mpaka tikuyala pogona, ndipo ananena akukung'untha pilo, osandiyang'ana.

"Bambo a Tiyamike, mphala ya anyamata sinkalembedwa msonkho, ngakhale mwana wa kumsana ankadziwa. Abambo anu ankangofuna choseka. Ndipo chithunzi chija munachiona nokha, boma la kuno limayang'ana kuchokera kumwamba, ndiye ngati mukufuna kubisala mukasasule denga. Chitsekocho mawa mukabwezere. Agologolo atha mbewu zanga."