Makina Anati Mwana Wanga Wanenepa

Mwana wanga anayamba kutupa mapazi nthawi ya njala, chimanga chisanache. Tsitsi linafiira, phala akulikana, kulira kwake ngati kwa kamphaka. Ndinamubereka n'kutsika naye kuchokera kwathu kunsi kwa phiri la Michesi mpaka kusikelo.

Kusikeloko kunali kutabwera makina atsopano, ngati foni koma aakulu. Ankati ali ndi nzeru zawozawo. Mwana akamuyeza, amamujambula, ndiye makinawo amanena okha ngati alandire chiponde cha ana onyentchera kapena ayi. Akaonetsa chofiira walandira, chobiriwira bwererani kwanu.

Wanga anamuonetsa chobiriwira.

"Mayi, mwanayu sikelo yakwera bwinobwino," anatero bambo a zaumoyo amene ankayeza.

"Si mnofu uwu adokotala, ndi madzi. Tamugwirani phazi."

"Ndikuona ndithu. Koma chiponde sichituluka popanda chofiira. Ndikakupatsani anena kuti ndaba."

Nditafunsa kokadandaula, anati ndibwere sabata ya mawa, kukubwera akuboma oyendera makinawo. Sabata imeneyo inatalika, mapazi akungokulirakulira.

Tsikulo anatiuza kuti tisambitse ana, tivale zitenje zabwino, alendo tiwalandire ndi nyimbo monga mwa mwambo. Amayi a ana onenepa anawaika kutsogolo, ife a ana odwala kumbuyo, pansi pa mtengo wa mango. Ndipo ndinaimba nawo. Mpaka lero zimandichititsa nseru, kuti ndinkaomba m'manja mwana ali lefu kumsana kwangaku.

Anatsika m'galimoto awiri, mayi wa magalasi ndi bambo wa pepala m'manja. Ine maso ali pa iwo, kudikira kuti agwire mwana. Anaona ngati batire likusunga moto. Anaona ngati galasi silinasweke. Anawerenga nambala yomata kumbuyo, kuchonga papepala, kenako kujambulitsa atanyamula makinawo ngati khanda. Mwana weniweni, ngakhale mmodzi, sanamukhudze.

Nditaona kuti akutsanzika, ndinadutsa pakati pa anzanga n'kugwada patsogolo pa alendowo. Ndinadina phazi la mwana ndi chala chachikulu. Nditachotsa, dzenje linatsala pomwepo, osabwerera.

"Abwana, taonani. Makina anuwa akuti ameneyu wanenepa."

Mayi aja anayang'ana dzenjelo, n'kuyang'ana kumbali.

"Pepani mayi. Ife tabwera kudzaona ngati makina akugwira ntchito. Za m'kati mwake amadziwa ndi amene anawapanga."

"Ali kuti amenewo?"

"Kunja kwa dziko," anayankha bambo aja. "Kapena mukufuna mukwere kabaza mukawapeze?"

Ena anaseka. Ine ndinafunsabe kuti nanga makinawo akalakwa amawadzudzula ndani.

"Dandaulo lililonse limalembedwa m'makina momwemo, mayi," anatero bambo aja.

Ndiye kuti mbuzi yadya chimanga, mlandu ukaweruze mbuzi yomweyo. Ndinafuna kulavula, koma ndinameza malovu, poti ndinali chigwadire.

Galimoto itanyamuka, anamwino achikulire amene anaona zonse anandikodola. Anadina mapazi onse awiri a mwana n'kulemba ndi cholembera m'kabuku ka kusikelo.

"Mwana wanga, usabwerere kunyumba. Pita kuchipatala chachikulu lero lomwe, ukawaonetse apa ndalembapa."

Kumeneko anatigoneka masabata awiri, akumumwetsa mkaka wamankhwala. Madzi aja anaphwa, mwana anayamba kuseka, koma atatsala mafupa okhaokha, sikelo itatsika. Titabwerera kusikelo kwathu anamujambulanso. Makina anaonetsa chofiira. Apo ndiye anaona kuti wadwala, mwana atayamba kale kuchira. Chiponde anatipatsa, ndinalandira ndi manja awiri, koma zikomo sanatuluke pakamwa panga.

Makinawo alipobe, oyendera aja amabwerabe ndi pepala lawo. M'mawa uliwonse ndimamudina mwana phazi ndisanamusambitse, ndipo kusikelo ndikaona mayi akubwerera ndi chobiriwira, ndimamutsatira panja n'kumupempha kuti avule mwana sokosi. Nyimbo za alendo ndinasiya kuimba.