Mlendo Pakhomo pa Amayi Ake

Amuna anga amadana ndi Disembala wa ku Glasgow ngati adawalanda munda. Kuno nthawi imeneyi kumada anthu tisanaweruke. Iwo ankafika kunyumba kwathu ku Shawlands atazizidwa mpaka m'mafupa, n'kukakamira hita, n'kuyamba nyimbo yawo: kwathu ku Likoma pano mango akungogwa okha, kwathu ku Likoma munthu sadziwa jekete. Ine wa ku Dedza, wobadwira m'chisanu, ndinkangowauza kuti asunthe ndiyanike masokosi.

Koma chimene chinkawadya ndinkachidziwa. Adachoka pachilumbapo ali mnyamata kukaphunzira, maphunziro adabala ntchito, ntchito idabala zaka. Lamulungu lina tili m'basi pochokera kutchalitchi, adandifunsa maso ali pawindo: "Kodi amayi akadzandiona adzati mwana wanga wabwera, kapena adzati kwabwera alendo?" Ndidawaseka. Chaka chomwecho tonse awiri tidapempha tchuthi kuntchito n'kunyamuka.

Tsoka ilo, zidachitika monga ankaopera. Titatsika sitima apongozi anga adatilandira ndi nthungululu ndi misozi, koma titangofika pakhomo adatulutsa mpando wabwino, uja amakhalapo ansembe akabwera kudzacheza. Nkhuku idafa. Madzi akumwa ankatiphitsira padera. Amuna anga akati agwire nkhwangwa, mlongo wawo ankawalanda: "Ayi achimwene, mungadziteme, manja anuwa adazolowera cholembera." Akatsikira kunyanja kuti akakoke nawo khoka, anzawo akale ankawalozera pamthunzi: "Khalani apo bwana, dzuwa lathuli silidziwa munthu." Nalo thupi lidawachititsa manyazi. Munthu uja ankanyoza chisanu anali thukuta kamukamu, khosi lonse zidzolo.

Chidawawawa kwambiri n'chakuti ine zidandiyendera. Mtengwa sachedwa pampando. Kutangocha apongozi adandipatsa mpeni, ndipo ndidakhala nawo pamphasa kusenda chinangwa, akundidzudzula kuti ndikutaya chambiri ndi makoko. Amuna anga ankatiyang'ana ali khuma pampando wawo uja, tiyi akuzirala m'manja. Ndidawamvera chisoni kwabasi, ngakhale sindidaleke kuwagwadira mwachipongwe powapatsa madzi osamba m'manja.

Ndidaganizapo zowauza apongozi. Koma mtengwa wobwera dzana angayambe bwanji kuphunzitsa mayi kalandiridwe ka mwana wake? Masiku a tchuthi ankangopita.

Titatsala pang'ono kubwerera, tsiku lina kudacha ndi dzuwa, ndipo apongozi adayanika pathanthwe kuseri kwa nyumba chinangwa chonse chimene adavuula, ufa wa kondowole wa banja lonse. Masana mvula idangotulukira kuchokera kutsidya la ku Mozambiki osachenjeza. Mlamu wanga anali atapita kumsika. Ine ndi apongozi tidathamanga ndi malichero. Amuna anga adaimirira pakhonde, phazi kutsogolo phazi kumbuyo, poti anali atazolowera kale kuletsedwa.

Apongozi adacheuka, duku litapendekeka.

"Iwe! Wangoima ngati mlambe bwanji? Miyendo udaisiya ku Ulaya? Tenga dengu ilo!"

Sindidaonepo bambo wa mimba yake akuthamanga chonchija. Adadzaza dengu, adasenza, ndipo atangoponda pamene thanthwe lidanyowa adaterereka. Iwo uku, dengu uko, chinangwa mbwee m'matope. Ine ndimati athyoka mwendo. Apongozi za mwendo sadafunse n'komwe. Adawawomba ndi lichero kumsana.

"Chitsiru cha mwana! Kuyambira kalekale manja akowa ngobooka. Tola chimodzichimodzi, ukachitsuke, uchiyanikenso wekha!"

Adayamba kutola atagwada m'matopemo, mvula ikuwakhuthukira, malaya amene ndidawagulira a Khirisimasi atasanduka sanza. Apongozi adalowa m'nyumba akadalongolola, akutchula ndi mbale zimene mwana yemweyu adaswa asanayambe sukulu. Nditayandikira amuna anga kuti ndiwathandize ndidaona mapewa awo akugwedezeka. Ankaseka ndithu, koma maso anali ofiira, ndipo si mvula yokha imene inkatsika m'masayamo.

Ndidawerama kuti nditole nawo. Adandigwira dzanja.

"Ndisiye," adandinong'oneza. "Andituma ine."